Zala Ziwiri Pamkono

Ndine ndimatsekula geti la sukuluyi.
Zaka makumi awiri ndi zitatu, kiyi yemweyo,
dzimbiri lomwelo la mphepo yamchere
yokwera kuchokera kudoko la Valparaíso.
Kale ndinkafika belu litatsala pang'ono kulira.
Tsopano Lachiwiri ndi Lachinayi
ndimalawira nkhungu isanachoke pamalata,
chifukwa anesi athu, mayi Eliana Quilodrán,
anaganiza zoti ana azikwera masitepe.

Masitepe ake si amasewera.
Alipo zana limodzi ndi makumi anayi,
kuyambira poima basi
mpaka pakhomo pa wometa amene analeka kumeta.

Tsiku loyamba anabwera asanu ndi awiri,
atatu mwa iwo atangotsata buledi ndi mapeyala
zomwe amayi a m'dera lino amagawa pamwamba.
Baltasar anakhala pansi pa sitepe ya makumi atatu,
botolo la chakumwa chozuna likusuzumira m'chikwama,
nati, "Mtima wanga ngwatsopano, sunaperepeseke n'komwe,
mukuuvutitsiranji?"
Anesi sanamukalipire. Anakhala naye pomwepo,
namugwiritsa zala ziwiri pamkono pake.
"Werenga. Wotchi ndiyang'ana ine."
Anawerenga milomo ikugwedera,
kenaka anatukula maso:
"Ndiye wakhala ukugwira ganyu imeneyi
osandiuza?"

Ndinaseka ndili pageti, koma phwete linathera pakhosi.
Mng'ono wanga Evaristo ankayendetsa basi yokwera phiri lomweli.
Anagwera pachiwongolero ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi,
ndudu ili kukhutu,
buledi wa soseji ali pamwendo, atangomuluma kamodzi.
Palibe anamuphunzitsapo kuwerenga kotere.
Kwathu mchere tinkathira tisanalawe,
ndipo mtima tinkaudziwa wa m'nyimbo za pawailesi basi,
uja umasweka mtsikana akakukana.

Sizinayende myaa.
Mayi Norma a kukantini anakwiya mwezi wathunthu
atawaletsa tchipisi ndi zozunazuna.
"Malalanje adzalipira lendi yanga?"
Kumsonkhano wa makolo bambo wina anamenya tebulo,
ati mwana wake sadwala, asamuvekenso kansalu kofinya mkono.
Mvula ya Juni itabwera panatsala ana anayi
ndi galu wopanda mwini amene sanajombepo.

Koma kansalu komweko ndi kamene kanaulula za Maite.
Zaka khumi ndi zisanu, woonda ngati ndodo ya mopu,
magazi akuthamanga ngati a munthu wamkulu wangongole.
Bambo ake, uja womenya tebulo,
anabwera okha m'mawa wina, chipewa chili m'manja,
kudzafunsa kuti nsomba angaiphike bwanji
kuti ikome popanda mchere wambiri.
Mayi Norma ndiwo anawalembera: ndimu, adyo, anyezi.

Tsopano amakwera oposa makumi atatu.
Amatukwana, amakankhana, ena amabera podumpha masitepe.
Baltasar akadali womaliza,
chakumwa chija sanachisiye, anangogula botolo laling'ono.
Akafika pamwamba onse amangoti zii,
mitu pansi, zala pamkono,
ndipo sitima ikalira kudoko palibe amacheuka.

Lachinayi lapitali Maite anandigwira ndikutseka geti.
"Bambo Aurelio, wanu ukuti chiyani?"
Ndinati manja anga ali ndi girisi. Sanamve.
Zala zake zinali zozizira.
Anawerenga, nasiya, nayambiranso,
tsinya litamangika pamphumi.
"Ukudumpha. Umayenda bwinobwino, kenaka umaiwala."
Ndinati ndi ukalamba, mwanawe, ngakhale ine ndimaiwala.
Anathamanga kukaitana anesi.

Ndiye m'thumba lamanja muli kiyi,
lamanzere muli kapepala ka kuchipatala:
Lolemba, hafu pasiti eyiti, chipinda chachitatu.
Ndakapinda ndi kukapindula mpaka kafewa ngati kansanza.
Sindinauze mkazi wanga.
Lero ndinawatsatira anawo pang'onopang'ono,
ine ndi galu uja,
mpaka sitepe ya makumi atatu.
Ndinapeza Baltasar atakhala, akupumira m'mwamba.
Anasendera kuti ndikhale.