Botolo Lachikasu pa Lizulu

Magetsi athima m'saluni mwanga,
dulaya wakhala chete ngati mkamwini wadzana,
chifunga chochokera ku Tsangano chatseka msewu
mpaka mabasi akuyenda chokwawa.
Ndi pomwe Zelifa akulowa,
dothi la kachewere lili thoo m'zikhadabo,
ndalama za ndowa zitatu zili pamfundo ya chitenje.

Sakhala pampando. Aloza pashelefu.
"Lachikasulo, anaNgozo,
lija lichokera kutsidya kwa msewu."

Botololi ndilidziwa ngati njira ya kudimba.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndinalidzola,
m'mawa ndi madzulo, osaphonya ngati mapiritsi.
Nkhope inayera ngati mtima wa kabichi,
anyamata a kabaza ankaliza mabelu ndikamadutsa,
kutchalitchi anandisunthira benchi yakutsogolo.
Koma mfundo za zala zinakana,
zinatsala bii, mboni khumi zosalandira chiphuphu.
Kenaka dzuwa la Okutobala linabwera kudzatolera ngongole,
n'kundisiyira m'masaya zipsera ziwiri
zimene paudala amandisungira chinsinsi mpaka lero.

Ndikanatha kungomupatsa.
Lendi samva ulaliki.
Ndipo ndine yani kuti ndiweruze,
ine wodyera pa tsitsi lochita kugula,
womata nsidze, wosongola zikhadabo za eni?
Kudzikongoletsa si mlandu,
ngakhale mapichesi a ku Bembeke
amayamba avala maluwa asanabale.

Ndingomufunsa funso limodzi
limene ine palibe anandifunsa:
"Ukufunira maso a ndani?"

Lole ya matimati idutsa, zenera linjenjemera.
Atulutsa foni yong'aluka galasi.
Bambo ake a Yosofati, ku Joni, jekete yatsopano,
ndipo paphewa pawo
pali dzanja loyera la munthu wodulidwa pachithunzi.

Sindinena kanthu.
Ndiviika kansalu m'beseni, madzi ozizira ngati aJuni,
ndipukuta tsaya langa lamanzere,
kenaka lamanja,
ndiima pakhomo pomwe pali kuwala.
Ayang'ana. Ayang'ananso.
"Wanga anachokabe," ndimuuza,
"anapita kwa wakuda kuposa iwe."

Aseka, kuseka kotuluka ndi misozi,
ndipo ndimukhazika patsogolo pa kalilole.
Mkazi uyu ndinamuona Loweruka
akulimbana ndi mwini lole pa mtengo wa thumba,
manja m'chiuno, mawu osagwedera ngati phiri la Mlanda,
mpaka bambo wamimba uja anawonjezera ndalama
akupukusa mutu.
Tsiku limenelo sanabwereke nkhope ya munthu.
Ndi khungu lomweli analipira fizi,
ndi lomweli anafolera nyumba ndi malata.
Koma zimenezi kalilole sanena,
iye amangodziwa kuwerenga ziphuphu ndi makwinya.

Akhala nthawi yaitali akudziyang'ana
ngati munthu wokumana ndi m'bale wake pamaliro.
Kenaka amasula mfundo ija ndi mano.

"Mundiluke zing'onozing'ono, zogwera kumbuyo,
chipumi changa chioneke.
Kadontho aka ka pakhosi
ndikafunsa kuchipatala cha Mlanda, osati kumsika.
Ndipo zikhadabozi muzipake zofiira."

"Mawa ukakumba kachewere, zikasupuka."

"Zikasupuke.
Ndikhala nditaziona ine usiku uno."

Ndiluka mpaka zala kuuma ndi mphepo,
magetsi abwera titamaliza kale.
Atuluka, khosi lili njo,
alowa m'chifunga manja ali patsogolo
kuti utoto uume,
ngati wanyamula chinthu chosaoneka
chimene akuopa kugwetsa.

Botolo latsala pashelefu.
Sindinalitaye, ndisaname.
Ndinaligula ndi ndalama za banki m'khonde
ndipo Lachitatu adzafuna zawo.
Mawa kubwera wina kudzaliloza,
mwina mwana wa sukulu, mwina mkazi wa abusa,
ndipo sindidziwa ngati ndidzakhale ndi mtima
woviikanso kansalu kaja.
Lero lokha ndikutseka chitseko
masaya ali pamtunda,
mphepo ya ku Mozambiki ikuwakhudza
kwa nthawi yoyamba.