Tsamba 412

Bokosi linafika Lachinayi, chipale chofewa chikulekeza m'mawondo.
Rauno analikweza pamasitepe akutukwana:
makilogalamu khumi ndi anayi a mapepala
ochokera ku Tucson.

Diski ikanakwana m'thumba la malaya.
Koma diski, likutero boma la kumeneko, ndi chida cha nkhondo,
ili m'kaundula mmodzi ndi mizinga,
siidutsa malire popanda chilolezo.
Pepala ndi mawu chabe. Mawu asiyeni apite.
Ndiye Marisela anasindikiza loko yense wa makalata,
mzere ndi mzere, nasoka buku;
wa kasitomu anavundukula, anayasamula, anadinda.

Tilipo asanu ndi mmodzi m'chipinda chino ku Tampere,
kubwezera m'kompyuta zomwe zinatuluka m'kompyuta.
Makina ojambula masamba sasiyanitsa 1 ndi l,
0 ndi O.
Ine ndimasiyanitsa, mpaka cha m'ma 2 koloko usiku,
maso akayamba kundinamiza.

Patsamba 412 pali tsitsi limodzi lakuda,
lakanirira m'guluu wa msoko.
Marisela sindinamuonepo.
Ndimangodziwa timawu tomwe amasiya pakati pa manambala:
musakhudze apa, nanenso sindikudziwa chifukwa chake zikutheka.

Rauno anandifunsa akuthira khofi wachinayi,
nanga chikagwera m'manja mwa zigawenga?
Funsolo si lopusa.
Loko safunsa dzina la mwini chitseko.
Sindinayankhe. Ndinkaona amayi anga pawindo
atagwira kalata ya mng'ono wawo wa ku Petroskoi,
akununkhiza envulopu.
Guluu uyu si wa Hilkka, ankatero.
Zaka makumi atatu awiriwo analemberana za nyengo basi,
za mbatata, za bondo lotupa,
chifukwa panali wachitatu wowerenga mwakachetechete,
wosayankha, wosatumizako ngakhale moni.
Hilkka anamwalira tisanadziwe chimene chinkamuliza.

Lamlungu m'mawa zinagwira.
Palibe anakuwa. Wina anali mtulo pansi pa tebulo,
nsapato kumapazi.
Ndinalemba uthenga woyamba, ndinaukhoma,
ndinauona ukusanduka phala la zilembo,
chiyankhulo chopanda mtundu, chopanda mlonda wochimva,
ukuwoloka nyanja kubwerera kwawo kwa loko.

Wofuna kusuzumira asuzumire.
Adzatuluka thukuta zaka zikwi
kuti apeze mawu asanu okha:
Marisela, tsitsi lako lili kuno.