Pomwe Pankakhala Dzanja Lake

Loweruka, kumwamba kuli mbee.
Ndayala nyuzipepala zakale pakhonde
pano paphiri la Valparaíso,
pomwe nyumba iliyonse inavala mtundu wake
osafunsa inzake.

Laputopu ya Eliseo ili chafufumimba.
Timisomali take khumi ndi tiwiri ndatimasula,
ndatiika m'chotengera mazira.
Kamodzi kagubuduka,
kalowa mumng'alu wa thabwa, zii.

Zomatamata ndiye zavuta.
China n'cha timu yake ya mpira,
china cha malo odyera kudoko omwe anatsekedwa kalekale,
china cholembedwa kuti Usandikhudze.
Ndachikhudza.
Ndachikanda mpaka chikhadabo chathyoka,
koma ulimbo wake wakakamira
mpaka ndakaba mafuta ophikira a amayi ndi kansanza.

Kenaka sandipepa.
Fumbi lotuwa lili mbuu pamaondo anga,
zipsera za zaka zisanu zikufufutika:
apa inagwa m'basi yotsika kumsika,
apa anaikapo kapu ya khofi wotentha,
apa sindikudziwa, sanandiuze.

Ndamata tepi pagalasi, pamabatani,
patimabowo tomwe imapumira.
Chitini ndachikhutchumula
mpaka kanthu kam'kati kayamba kugogoda.
Bambo Anselmo akusitolo anandichenjeza:
"Uime patali, mtsikana iwe, uzipopera pang'onopang'ono.
Penti ukamufulumiza amalira."

Sindinamvere.
Msozi wachikasu watsetsereka pachivindikiro,
waima pakati, wauma pomwepo.

Mphepo yakunyanja nayo sinaitanidwe koma yafika,
yabwera ndi mchenga,
ubweya wa mphaka wa eni ake,
ndi kantchentche komwe kamatirira chagada
kakupalasa miyendo.
Mayi Eulalia asuzumira pazenera lam'mwamba:
"Maite! Zofunda zanga ndangochapa kumene,
ukufuna ndigone m'galaja usiku uno?"
Ndapepesa ndi manja achikasu.

Kudikira ndiyo ntchito yeniyeni.
Ndawerenga sitima zapadoko, zisanu ndi ziwiri.
Ndadya buledi wonunkha tinala.
Ndapalanso, ndapoperanso, ulendo uno chapatali,
dzanja likuyenda ngati likusisita mwana wogona.
Kachiwiri. Kachitatu.
Tsopano yanyezimira
ngati tingolo tokweza anthu paphiri lino.

Eliseo amadana ndi chikasu.
Tsiku lomwe ankakwera basi yopita kumigodi ya ku Calama
anangoisiya pabedi langa:
"Ndi yako. Uchite nayo zomwe ufuna."
Zaka ziwiri tsopano.
Amaimba Lamulungu, netiweki ikalola,
mawu ake odzaza fumbi ndi tulo.

Pansi pa mabatani, chakumanja,
pali kamalo kosalala, kothethekera,
pomwe chikhatho chake chinkakhala usiku onse
akulemba makalata ofunsira ntchito.
Pamenepo sandipepa sindinafikitse.
Ndinamatapo tepi mwakachetechete
ngati wina akundiona.
Madzulo ndamatula:
kachilumba kotuwa pakati pa chikasu.

Timisomali khumi ndi kamodzi tabwerera m'malo mwake.
Ngodya imodzi ikuyasamula pang'ono,
ikhala choncho.
Ndadina batani, mtima uli m'mwamba.
Yatsokomola, yayaka,
yafunsa mawu achinsinsi,
dzina la galu wathu yemwe anafa tili ana.

Ndaika dzanja langa pakachilumba paja.
Lachepa.
M'mbali monse mwatsala malo.

Mawa akaimba ndimuuza za mayi Eulalia,
za ntchentche ija.
Za mtundu, kaya.