Telala wa Pakhonde ku Leicester

Kalata ya khonsolo inabwera Lachiwiri,
yonyowa m'mphepete, kasitomala ataiponda kale:
Lamulungu msewu wathu utsekedwa,
galimoto isadutse mpaka dzuwa litapendeka.
Ndinaiwerenga kawiri, mtima ukuwerengera zotayika.
Mwini diresi laukwati adzaimika kuti galimoto?
Suti yositidwa ndani angakwere nayo basi?

Rebin wometa anaseka, lumo lili m'manja:
"Mutu umabwera wokha ndi miyendo, mlongo.
Ine mpando wanga ndiutulutsa panja."

Lamulungu kunacha ndi mitambo yake ya masiku onse.
Anyamata a majekete achikasu anatchinga uku ndi uko,
msewu n'kukhala chete
ngati munthu amene chifuwa cha zaka zambiri chamuleka.
Ndinamva nkhunda.
Zaka khumi ndi chimodzi pamsewu uno
osadziwa kuti padenga la banki yotsekedwa ija pamagona nkhunda.

Anayamba ndi Bożena: tebulo, nsalu yoyera,
buledi wotentha woduladula,
wolawa alawe, za ndalama pambuyo.
A Gurmail anandandalika mabokosi a mango ndi therere
pamizere yachikasu pomwepo,
mizere ija imatidyera mapaundi tikangoima mphindi zisanu.
Wokonza njinga akupopa matayala ulere,
ana atamuunjirira ngati nyerere pashuga.

Ine ndili kuseri kwa galasi,
manja m'thumba la epuloni.

Kenaka maso anagwa pa makina akale aja, opalasa ndi phazi,
amene ndinagula kuti azingokongoletsa windo.
Tinawanyamula atatu, Rebin akulira msana,
n'kuwakhazika pakati pa phula.
Dontho la mafuta. Lamba. Phazi pachopondera.
Tcheketcheke, tcheketcheke,

basi ndili ku Balaka, pakhonde la sitolo,
bambo tepi ili m'khosi, choko kukhutu,
akusoka yunifolomu uku akulonjera aliyense wodutsa,
fumbi la malole likuwagwera m'tiyi.
Ndinakwera ndege kuti ndisadzasokere panja.
Ndi ine pano, m'dziko la eni,
ndikusokera panja.

Pakatoni ndinalemba:
Batani lothothoka, ulere. Zipi, tikambirana.

Mayi Pickering, amene amandidutsa m'mawa uliwonse
maso ali pandodo yawo,
anaima, anabwerera kunyumba,
n'kubwera ndi jasi laubweya lobooka thumba.
"Ndinkayesa mumasoka zamaukwati zokha," anatero.
Jasilo linali la amuna awo, a Desmond,
amene anayendetsa basi pamsewu womwe uno zaka makumi atatu
osaupondako ndi phazi pakati pake.
Anakhala pampando wa Rebin, ine ndikusoka,
akundiuza za munthu amene sindidzamuona.
M'thumba lina ndinapezamo switi yomatirira kunsalu.
Anati ndiisiye momwemo.

Cha m'ma fili koloko mvula inawaza, monga mwa khalidwe lake.
Palibe anathawa.
A Gurmail anafunditsa makina anga lona la mango,
kamtsikana kena kali pansi pake kakupalasa chopondera ndi manja,
singano ikusoka mphepo.

Madzulo ndinawerenga za m'chitini:
mapaundi makumi awiri ndi atatu.
Loweruka wamba limaposa pamenepo, ndisaname.
Koma m'kope muli maina asanu ndi anayi
a anthu okhala misewu iwiri kuchokera pano
amene ankandidziwa ngati nyali yoyaka kuseri kwa galasi,
ine ndikuwadziwa ngati magalimoto ofiira ndi otuwa.

Lolemba basi yoyamba inaponda maluwa a choko
amene ana anajambula pakhomo panga.
Utsi wabwerera, mahutala abwerera,
nkhunda sindikuzimvanso, ngakhale ndikudziwa zilipo.
Makina ndawabweza pawindo
koma lamba sindinamuchotse,
ndipo chitseko, ngakhale kukuzizira chotere,
ndachigwiriza ndi njerwa.