Kope la Bambo

Tinalipeza pansi pa sutikesi, litakulungidwa m'jumbo ya shuga,
kope lachikuto cholimba, ngodya zake zitadyedwa ndi mphemvu.
Bambo anatha zaka makumi atatu ku nyumba yosindikizira ya boma,
kutola zilembo zamtovu chimodzichimodzi,
kuzindandalika chafutambuyo,
mawu a Chingerezi amene sanawayamwire.
Madzulo akafika ku Chinamwali, zala zili bii,
ankalemba mawu amene awapinga tsikulo.

Margin, analemba, ndi malire a munda,
polekezera khasu kuti mnansi asadandaule.
Gutter ndi ngalande, inde, ngati ya kumsika ija
yodzaza makoko a nthochi mvula ikakata,
koma kuno kuntchito ndi kanjira ka pakati pa masamba awiri
kodutsa ulusi kuti buku lisamwazike.
Bleed. Apa anadula mizere iwiri kunsi.
Inki ikasefukira mpaka m'mphepete mwa pepala, ati lakha magazi.
Ndinawafunsa a Kalitera, kapitawo wathu, ngati pepala limamva kuwawa.
Anati ndisamale zala zanga pa mpeniwo, basi.

Ndinkawerenga ndili pakhonde,
nkhungu ikutsetsereka m'phiri, ikumeza paini mzere ndi mzere,
mlongo wanga Yohane m'nyumbamo akuwerengetsera za chipepeso.

Proof: pepala loyamba, lodzala zolakwa,
lopita kwa akuluakulu kuti alichonge ndi inki yofiira.
Kunsi kwake, ndi bolopeni ina, ya zaka zina:
Ku ofesi ya penshoni ati ndibweretse proof
yakuti ine Layisoni Mpulula ndinagwirapo ntchito m'boma.
Ndawaonetsa zikhadabo zanga.
Mtsikana wa pakompyuta waseka.

Arrears: ndalama zako zogona m'nyumba ya wina,
iye nkumanenepa.

Pending sanawapezere tanthauzo.
Anangowalemba kasanu ndi kawiri, chotsitsa,
pambali pake madeti
ndi mtengo wa basi ya ku Lilongwe, ukukwera chaka ndi chaka.

Chakumapeto zilembo zikunjenjemera, zikutuluka m'mizere,
munthu amene moyo wake wonse sanalole chilembo kupendekeka.
Stable. Adokotala anena kawiri lero, akuyang'ana faifi koloko pakhoma.
Mnyamata wa bedi lachitatu wafufuza pafoni,
ati ndi khola la akavalo, ngati lija la pamwamba pa phiri.
Kaya ndine kavalo wa yani.
Discharge: kutulutsidwa m'chipatala. Enanso ati mafinya.
Tiona kuti wanga ndi uti.

Kenaka ndinabwerera koyambirira,
kumene dzanja linali la mnyamata wosakwatira, lodzitama, lamichira,
ndipo ndinapeza awiri awa ali moyandikana.

Widow: mzere umodzi wogwera wokha pamwamba pa tsamba latsopano,
anzake onse atatsalira kuseri.
A Kalitera salola zimenezo.
Umafinya mawu apa, umatanula mipata apo,
ngakhale uweruke mochedwa,
mpaka mzerewo utapeza mnzake.
Orphan: mzere woyamba wa ndime, wosiyidwa pansi pa tsamba,
ndime yonse itawoloka.
Mankhwala ake ndi omwewo.

Mayi anatuluka, mpango wakuda utamangidwa mothina,
nakhala pa mkeka, mapazi atatupa ndi masiku anayi a maliro.
Sukulu analekeza sitandade thu.
Akuti chiyani abambo ako m'menemo?
Ndinati, nza kuntchito, mayi. Za makina.

Analitenga, nalinunkhiza pakati penipeni,
pa ngalande paja podutsa ulusi,
nthawi yaitali ndithu.
Kenaka anatsegula kumbuyo, nanyowetsa chala,
nawerenga masamba osalembedwa: khumi ndi anayi.

Awa musang'ambe, anatero.
Lolemba ndiyambiranso tomato ku Mpondabwino.
Mwana wako uja azidzandilemberamo angongole.