Zipsera za Kanjedza

Ndikavula malaya pa dziwe la kumzikiti
ana a pa Monpura amaloza chifuwa changa:
a Tofazzal, munalimbana ndi kambuku?
Ayi. Ndinakumbatira kanjedza usiku wonse.

Unali mwezi wa Ramadani, 1970,
mpunga utaweramira zenga m'minda.
Wailesi m'dera lathu inali imodzi, mabatire atatha.
Mayi anavundikira chakudya cha daku, natigoneka.
Madzi sanaodire.
Ndinadzidzimuka mphasa ikuyenda.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Bambo anandikankhira mumtengo ndi phewa,
nati gwira, usayang'ane pansi,
n'kubwerera kukatenga Rokeya.
Mtengo unkandiluma, ine n'kumaufinyabe,
mphepo ikundisenda ngati chinangwa.
Ndinayang'ana pansi.
Panadutsa denga la a Motaleb,
panadutsa njati ikukoka chikhomo chake,
panadutsa wina akuitana dzina lomwe sindinalimve bwino.

Kutacha, zii.
Ngakhale khwangwala.
Mayi tinawapeza tsiku lachitatu,
tsitsi lawo lalitali lija litakodwa m'minga.
Bambo ndi Rokeya nyanja sinabweze.
Namondwe ameneyo analibe dzina,
timangomutchula chaka, ngati ngongole yakale.

Madzi saiwala khwawa.
Mu 1991 ndinali ndi bwato langa,
ndi Jobeda, ndi khanda la miyezi inayi.
Chenjezo linamveka, inde,
koma anthu anati lamveka kangati, osagwa ndi tsamba lomwe?
Ndani asiyire akuba ng'ombe zake?
Jobeda sanatsutsane ndi munthu.
Anamanga tsitsi, navula sari, navala buluku langa,
mwana anamuika mumphika waukulu wa paukwati
n'kuumangirira m'chiuno mwake.
Tinapulumuka atatu, ndi mphikawo.
Kummawa, ku Sandwip, anzanga ogulitsana nawo nsomba
sindinawaonenso pa msika.

Kenako anayamba kubwera ndi mayina ngati alendo aulemu.
Sidr. Aila.
Mwana wa mumphika uja, Shefali, anakwatiwa ku Koyra.
Aila atagumula khoma ladothi lotchinga mtsinje
anandiimbira foni ali padenga:
bambo, tonse tilipo, ndi mbuzi yomwe.
Patapita chaka anaimbanso:
bambo, nthaka yafa, ikungotuluka mchere.
Lero amasoka makolala ku Dhaka,
ana ake sadziwa kupalasa.

Ine tsopano ndili ndi njinga, chimkuzamawu ndi mbendera zitatu.
Imodzi ikakwera, mangani maboti.
Ziwiri, kwirirani mpunga ndi machesi m'dothi.
Zikakwana zitatu ndimayenda khomo ndi khomo
mawu atasasa, mawondo akulira,
kukusa anthu kupita kusukulu yansanamira zazitali
kumene bolodi likadali ndi masamu a dzulo.
Sakusowa wokana.
Chaka china anali Hashem wopanga maukonde,
atakhala pakhonde, ndudu ili pakamwa,
ati Mulungu akafuna, andipeza ngakhale pamwambapo.
Sindinamulalikire.
Ndinangomasula mabatani, n'kumuunikira chifuwa changa ndi tochi.
Anatukwana, nanyamula bakha wake.

M'kalasi timawerengana.
Mazana anayi ndi asanu ndi awiri, wina ali m'mimba.
Fungo la zovala zonyowa, mpunga wokazinga, mkodzo wa makanda.
Kunja malata akuuluka ngati mapepala a mayeso,
nyanja ikumenya nsanamira, phwa, phwa,
koma masitepe sikwera.

Kamtsikana kena kosagona kanandikoka dzanja,
kati uyu dzina lake talimva pa wailesi,
nanga wa pachifuwa panuyo ndani?
Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene chaka.
Munatuluka Rokeya.

Kanjedza uja anamudula pokuza msewu.
Ndikadutsa pamenepo ndimatsika njinga,
anthu amayesa tcheni chagwa.