Kapu Imodzi ku Joni

Kukhitchini kwa adona ku Parkhurst
kuli kamakina kakuda,
kokhala tsonga ngati mphaka wodikira mbewa.
Kamamwera madzi kumsana.
Ukakayasamitsa n'kuponyamo kapisozi,
n'kudina batani,
kamabuula ngati munthu wodzutsidwa tulo tisanathe,
kenako dontho, dontho, kamtsinje koonda,
kapu isanadzaze n'komwe, zii.
Sikafunsa ngati pakhomo pali alendo.

Tsiku loyamba ndinadina kawiri,
ndimayesa kaiwala.
Adona anaseka, amvekere,
kamadziwa munthu mmodzi yekha, Esinati,
n'chimene ndinakagulira.
Amuna awo anatsikira kulichete dzana.
Tipoti wamkulu wamaluwa abuluu
anakwera pamwamba pa kabati,
ndimamuona Lachisanu pokha, popukuta fumbi.

Mayi anga anathyola khofi pa esiteti ku Thyolo
zaka khumi ndi zinayi,
dengu kumsana, zala zomata ndi utomoni,
koma mpaka kufa sanamulawe.
Ankati n'ngowawa, ngwa azungu, tiyi alipo.
Ine ndikamakhuthula tizibekete totsala m'kabokosi
ndimawerenga: ziwiri izi ndi tekisi ya mpaka ku Bree,
zisanu izi ndi yunifolomu ya Mafunase
ikanakhala kuti ndalama imabwerera m'mbuyo.

Kwanga ku Rosettenville,
m'chipinda cha kuseri kwa galaja,
ndili ndi njira yangayanga.
Anandiphunzitsa Mulugeta wa pa okala yapakona,
amene amandipimira ufa wakuda m'kapepala.
Kansalu koyera pakamwa pa kapu yachitsulo,
ndimamanga ndi mphira ya tsitsi,
ndimakabowetsa pakati ndi chala.
Masupuni awiri.
Madzi akabwata pa pulaimasi, osathamanga,
werenga mpaka makumi atatu.
Thira pang'ono, ufa ufufume, upume,
kenako otsalawo, mozungulira, ngati ukuthirira mbande.
Ligineti timagona bedi limodzi koma mosinthana,
iye usana, ine usiku.
Akamafika kuchokera kolondera ine ndili pageti.
Ndimamusiyira kansalu kochapa pawindo.
Choncho nafenso, wina kapu yake, wina yake.

M'mawa wina wa Julaye, chisanu cholowa m'mano,
magetsi anathawa ndisanafike.
Ndinapeza adona atavala gauni,
akudina batani, akudinanso,
ngati wogogoda pakhomo pa wangongole.
Kamphaka kaja kali duu.

Sindinapemphe chilolezo.
Ndinayatsa gasi, ndinatenga mpeni,
ndinang'amba makapisozi awiri pamimba.
Mkatimo si mankhwala ayi,
ndi ufa womwewo wa kwa Mulugeta,
wongovala suti.
Kansalu kopukutira matambula, mphira ya m'mutu mwanga.
Ndinawerenga mokweza, m'chinenero chathu,
iwo akuyang'ana milomo yanga.
Fungo litadzaza khitchini
maso awo anakwera pamwamba pa kabati,
anakhalako pang'ono, n'kutsika.
Tipoti sanamukhudze.
Anangotulutsa kapu yachiwiri.

Tinagawana pakati, anachepa.
Iwo anakhala pampando.
Ine ndinamwa chiimire pafupi ndi sinki,
poti zaka zitatu m'nyumba muno
sindidziwa mpando umene ungandilole.
Anati ngwokoma, wasiyana.
Ndinafuna kuwauza za mayi, za dengu,
za nkhungu ya m'mawa pa esiteti,
koma firiji inatsokomola,
kamakina kanaphethira diso lake lobiriwira,
adona anati, lero mawindo.

Tizibekete tiwiri tong'ambika tija sindinataye.
Ndinaikamo dothi la m'mbali mwa galaja,
losakaniza ndi masese a khofi,
n'kufesamo mpiru umene anabwera nawo Ligineti
m'mphuno ya sokosi podutsa pa Beitbridge.
Kamodzi kamera.
Kenako sindidziwa, mwina chisanu.